Funsani Wokonza Mawailesi: Bingu Lochedwa, Phokoso la Pabala ndi Nsanja ya Mafoni

Makalata a mwezi uno ndawawerengera pakhonde kuno ku Chilenje, malaiti atapita, ndikuunika ndi tochi ya pafoni. Ambiri mwafunsa za mafiriji ndi mabatire a sola, ndipo zimenezo tidzakamba mwezi wamawa. Lero ndatola makalata asanu okhudza ntchito imene inandidyetsa zaka 34 m'kashopu kanga ku Kamwala, kumene ndinkakonza mawailesi, ma TV ndi zokuzira mawu za pa maukwati.

Amalume, ine ndi ambuya anga tinatsutsana. Tsiku lina mphezi inang'anima, ndipo patapita kanthawi m'pamene kunagunda. Ambuya akuti ndi zinthu ziwiri, kung'anima kumangochenjeza, chimene chimapha ndi kugundako. Kusukulu anatiuza kuti n'chinthu chimodzi. Akulondola ndani? — Mtsikana wa Giredi 9, Chawama

Mwana wanga, aphunzitsi ako akulondola, koma ukawauze ambuya mwaulemu, makamaka atadya kale nsima. Uyambe ndi kuwafunsa ngati kumudzi sanaonepo mayi akusinja kutsidya kwa dambo. Munsi umauona ukutsika mu mtondo, koma "du" wake umamumva munsiwo utakwera kale. Sikuti mayiyo wasinja kawiri. Diso lalandira msanga, khutu lalandira mochedwa.

Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi yomweyo. Kuchoka kuno kukafika ku Chipata ndi makilomita ngati 570. Mawu akanakhala ndi mphamvu yofika kumeneko, akanatha mphindi pafupifupi 28 ali pa ulendo, pamene kuwala kumafika usanayambe n'kuphethira komwe.

Mphezi ndi moto wa magetsi umene umatenthetsa mpweya mwadzidzidzi mpaka madigiri ngati 30,000, kuposa pamwamba pa dzuwa kasanu. Mpweyawo umafufuma mwamphamvu ngati chinthu chaphulika, ndipo kuphulikako ndiye bingu. Limagunda nthawi yaitali chifukwa njira ya mphezi imatalika makilomita angapo, mawu a mbali yapafupi amayamba kukufika, a mbali yakutali n'kumatsatira pambuyo. Ukaona kung'anima, uziwerenga masekondi mpaka bingu limveke, kenako ugawe ndi 3. Ukawerenga 9, mpheziyo yagwa pa makilomita atatu, ngati kuchoka kwanuko kufika cha m'tauni.

Pali pamodzi pamene ambuya ndingawakonze molimba, chifukwa m'pangozi. Chimene chimapha ndi chong'animacho. Ukamva bingu, ndiye kuti ya ulendo umenewo yakuphonya. Koma ngati ukulimva, ina ikhoza kukupeza, choncho usabisale pansi pa mtengo wa mango, lowa m'nyumba. Ndipo chenjezo la ambuyalo usalitaye, ungolitembenuza: bingu ndilo lochenjeza.

Chinthu china choti upite nacho ku mayeso: mawu amafuna chowanyamula, kaya mpweya, madzi kapena chitsulo. M'madzi amathamanga kuposa mumpweya kanayi, m'chitsulo pafupifupi ka 15. Tili anyamata tinkagunditsa khutu panjanji kuti timve sitima isanaonekere, masewera opusa amene sindikufuna kumva kuti wayesa. Kumene kulibe mpweya, ngati kumwezi, ng'oma ingaombedwe bwanji singamveke. Kuwala kulibe vuto limenelo. Kumachoka kudzuwa, kudutsa makilomita 150 miliyoni opanda kanthu, n'kutifika patatha mphindi zisanu ndi zitatu ndi masekondi pang'ono.

Bambo, kuseri kwa nyumba yanga atsegula bala. Usiku mawu a woimba sindiwamva, koma "du du du" amalowa mpaka m'chifuwa, mawindo n'kumanjenjemera. Mnzanga akuti ndikhome matileyi a mazira kukhoma. Kodi zingathandize? — Mayi wa ana atatu, Kalingalinga

Pepani mayi, ndipo pepani kawiri, chifukwa mabokosi ngati amene akukusowetsani tulowo ena ndinapanga ndi manja angawa.

Tiyambire pa ng'oma, poti tonse tinakulira nayo. Ikani timbewu ta mapira pachikopa cha ng'oma, muombe pambali, muona timbewuto tikudumpha. Chikopa chikunjenjemera, chikukankha mpweya woyandikana nacho, mpweyawo ukukankha unzake, mpaka kukankhanako kufika m'khutu mwanu. Mpweya wa kubala sunabwere kunyumba kwanu ayi, chafika ndi kukankhanako. N'chimodzimodzi mukaponya mwala padziwe: mafunde amafika kugombe, koma tsamba loyandama limangokwera ndi kutsika pamalo pomwepo.

Kunjenjemerako timakuwerenga kuti kukuchitika kangati pa sekondi, ndipo muyezo wake ndi hertz, dzina la Mjeremani Heinrich Hertz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira 20 mpaka 20,000. Kukachitika kochepa pa sekondi, mawu amakhala aakulu ngati a gunda. Kukachuluka, amakhala aang'ono, osongoka, ngati a mluzu. Makolo athu ankazidziwa bwino zimenezi ngakhale analibe manambala. Mukapita ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, mukaonetsetse anyamata akuwamba ng'oma pamoto. Chikopa chikauma chimakungika, chimanjenjemera mofulumira, mawu n'kukwera. Akafuna kuti atsike, amamata phula pakati, chikopa chimalemera, n'kumagwedezeka mwaulesi.

Tsopano khoma lanu. Khoma la mabuloko ndi lolemera, ndipo chinthu cholemera n'chovuta kuchigwedeza maulendo 4,000 pa sekondi, koma maulendo 50 chimalola. Ndiye mawu aang'ono a woimba amathera pakhomapo, aakulu aja amaligwedeza lonse, khomalo n'kusanduka ng'oma ina m'chipinda mwanu. Palinso nkhani ya kutalika kwa funde. Funde la 4,000 hertz silikwana masentimita 9, mpanda ukhoza kulitchinga. La 50 hertz ndi lotalika mamita pafupifupi 7, kuposa chipinda chanu, ndipo limazungulira mpanda ngati mmene madzi osefukira amazungulirira chitsa. Njovu za ku Luangwa zimaitanizana ndi mawu otsika kuposa 20 hertz, amene ife sitimva, ndipo amayenda makilomita angapo m'tchire chifukwa cha khalidwe lomweli.

Matileyi a mazira musataye nawo ndalama. Amachepetsako pang'ono namalowe wa m'chipinda momwemo, koma sangaimitse funde la mamita 7, ndipo mphemvu zimawakonda. Zimene zimathandiza ndi kulemera ndi kutseka mipata: chitseko cholimba, mphira pansi pake, galasi la windo lomatidwa bwino kuti lisalire. Bedi mulichotse kukhoma ndi pakona, chifukwa mawu aakulu amaunjikana m'makona. Koma mankhwala enieni ali kubalako. Mupite masana ndi achikulire awiri a m'komboni, mukapemphe mwini wake kuti bokosi lalikululo alichotse pakona, alikhazike pamphira kapena patayala, ndi kutsitsa batani lolembedwa bass. Batani limodzi lokhalo. Makasitomala ake sadzazindikira n'komwe. Akakana, nkhani ya phokoso ili ndi khonsolo.

Kunena zoona, amene ndikumumvera chisoni kwambiri ndi mnyamata woimika nyimbo mmenemo. Phokoso lopitirira madesibelo 85 (desibelo ndi muyezo wa mphamvu ya phokoso), ukamakhalamo maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, limapha timaselo ta m'kati mwa khutu, ndipo sitimeranso. Anthu a m'zigayo akudziwa. Ine khutu lakumanzere limangolira ngati nkhululu usana ndi usiku, malipiro a maukwati amene ndinkaima pafupi ndi zokuzira mawu ndikudzitama kuti makina anga akumveka mpaka kumsika.

Amalume, ambulansi ikamabwera kulira kwake kumakhala kokwera, ikangondidutsa kumatsika. Kodi dalaivala amasintha batani? — Woyendetsa minibasi, Chelstone

Sasintha kalikonse, achimwene. Galimoto ikamabwera kwa inu imathamangira mafunde ake omwe, ndiye amapanikizana, n'kumakufikani ochuluka pa sekondi. Ikadutsa imawasiya m'mbuyo atatambasuka. Anafotokoza zimenezi ndi Christian Doppler wa ku Austria mu 1842. Kamakina kamene apolisi amakulozani nako pa Great East Road, kamtundu wa radar, kamagwira ntchito mwanjira yomweyi: kamatumiza mafunde a wailesi, amagunda basi yanu n'kubwerera atapanikizana, ndipo kupanikizanako ndi kumene kumaulula liwiro lanu. Musamakatsutse.

Mphwanga, ndikamapita kwathu ku Petauke, siteshoni ya FM imene ndimamvera imayamba kusokosera tikangopitirira Chongwe, kumapiri imazimiratu. Koma kale kawailesi kanga kankagwira mayiko akutali, makamaka usiku. Kodi mawailesi amakono ndi achabechabe? — Nkhalamba ya ku Matero

Akulu anga, mwandikumbutsa kutali. Wailesi yoyamba imene ndinaiona inali ya amalume anga ku Katete, yozungulira ngati sefuliya, yabuluu, batire yake yaikulu ngati njerwa. Inali kale yokalamba nthawi imeneyo, koma madzulo mudzi wonse unkaizungulira. Imeneyo ndi Saucepan Special, imene inafika m'dziko muno mu 1949. Maganizo ake anali a Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani mu boma la atsamunda, inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, ndipo mtengo wake unali mapaundi asanu. Nyumba youlutsira mawu ya kuno ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Agogo a anzathu a ku Malawi ankamvera Chinyanja chochokera mumzinda uno.

Chinsinsi chake chinali shortwave. Mukumbukira manambala aja a pagalasi la wailesi, 49, 31, 25? Amenewo ndi mamita, kutalika kwa funde. Kumwamba, kuyambira makilomita ngati 60 kukwera mpaka mazana angapo, kuli mpweya umene dzuwa limaudzaza mphamvu ya magetsi, dzina lake ionosphere. Mafunde a shortwave akafika kumeneko amapindika n'kubwerera pansi kutali, ngati mpira wogunda kudenga, ndipo akhoza kudumphadumpha motero mpaka kuwoloka nyanja. Masana chigawo cham'munsi cha mpweyawo chimameza mafunde a medium wave ndi a shortwave otalikirapo. Dzuwa likalowa chigawocho chimazilala, njira n'kutseguka. N'chifukwa chake usiku munkangopotoza pang'ono, kwatulukira Chipwitikizi, mupotozenso, Chiswahili.

FM ili pakati pa 87.5 ndi 108 megahertz, kutanthauza kugwedezeka maulendo ngati 100 miliyoni pa sekondi, funde lake mamita atatu okha. Mafunde amenewa sabwerera, amaboola thambo n'kupita. Pansi pano amayenda mowongoka, kungofika kumene mlongoti ukuona. Dziko ndi lozungulira, ndiye mukatalikira mlongoti umabisika, ndipo mapiri a ku Manenekela amamalizitsa. N'chifukwa chake siteshoni imodzi imakhala ndi nambala ina ku Lusaka, ina ku Chipata: ndi milongoti yosiyana. Wailesi yanu ilibe mlandu. Tinasinthanitsa kufika patali ndi mawu oyera, opanda kuthetheka kuja kumene mphezi inkabweretsa. Ine ndimausowabe mluzu uja wa pakati pa masiteshoni, koma ana anga amati ndi ukalamba.

Atate, pafupi ndi nyumba yathu amanga nsanja ya mafoni. Mwana wanga wamng'ono ndi wachialubino, ndipo anthu akundiopseza kuti radiation ya nsanjayo idzamupatsa khansa. Amalume ake akuti tisamuke. Nyumbayi ndi yathu, tinamanga movutikira. Tichite bwanji? — Mayi wa ku Mtendere

Mayi, kalata yanu ndaiika kumapeto kuti ndiiyankhe mosathamanga. Ine si dokotala, za thupi la mwana muzimva kuchipatala. Koma za mafunde ndikuuzani zimene ndikudziwa.

Liwu lakuti radiation ndi limene lasokoneza anthu, chifukwa limaphatikiza zinthu zambiri m'thumba limodzi. Kutentha kumene mumamva pankhope mukakhala pafupi ndi mbaula ndi radiation. Kuwala kwa kandulo ndi radiation. James Clerk Maxwell wa ku Scotland anasonyeza ndi masamu m'zaka za m'ma 1860 kuti kuwala ndi funde la magetsi ndi maginito, ndipo Hertz uja anapanga mafunde a wailesi m'chipinda chake choyesera zinthu cha m'ma 1887, n'kupeza kuti ndi a mtundu womwewo. Onse ndi banja limodzi, amathamanga liwiro limodzi, safuna mpweya. Amasiyana pa kufulumira kwa kugwedezeka basi, ngati mitengo ya mangolongondo, wautali mawu aakulu, waufupi mawu aang'ono.

Kumunsi kuli mafunde a wailesi. Pamwamba pake pali a mafoni, amene ambiri amagwedezeka pakati pa maulendo 700 miliyoni ndi mabiliyoni ochepa pa sekondi. Pa 900 megahertz funde limatalika masentimita 33, ngati rula ya mwana wasukulu. Cha pomwepo pali Wi-Fi ndi uvuni wa microwave, umene funde lake ndi masentimita 12. Mukakwera mupeza infrared, kutentha kwa mbaula kuja. Anaitulukira ndi William Herschel mu 1800, ataika choyezera kutentha kuseri kwa mtundu wofiira wa utawaleza wa pagalasi, pamene diso silinkaona kanthu, n'kuona kuti chikukwera. Rimoti ya TV yanu imalankhula ndi infrared. Iloze ku kamera ya foni, mudine batani, pa mafoni ambiri muona kanyali kakuphethira kamene maso anu sakuona. Kenako pali kachigawo kakang'ono kwambiri kamene maso athu amaona, kuyambira kufiira mpaka mtundu wa maluwa a jakaranda, mitundu ija ya utawaleza wa pa Mosi-oa-Tunya. Kupitirira apo ndi ultraviolet, imene imabwera ndi kuwala kwa dzuwa koma maso saiona, kenako X-ray, imene Wilhelm Röntgen anaipeza mu 1895, ndipo pamwamba penipeni gamma.

Apa m'pamene pagona nkhani yanu. Mphamvu imene funde limamenya nayo kachidutswa kamodzi ka m'thupi imadalira kufulumira kwa kugwedezeka kwake. Kuwala wamba kumagwedezeka mofulumira kuposa funde la foni la 900 megahertz maulendo ngati 500,000, komabe sikuthyola malangizo a m'maselo, aja amati DNA. Kuthyola kumayambira pa ultraviolet kupita m'mwamba. N'chifukwa chake wojambula X-ray amabisala kuseri kwa khoma ndipo amafunsa mayi ngati ali woyembekezera, ndiponso n'chifukwa chake ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa cha kuno ku Lusaka, amagwiritsa ntchito mafunde a kumtundako kupha chotupa mwadala. Mafunde a foni ali kumunsi kwenikweni. Chimene amadziwika nacho akachuluka kwambiri ndi kutenthetsa. Uvuni wa microwave umathira mawati 800 kapena 1,000 m'kabokosi kotseka, n'chifukwa chake ndiwo zimatentha. Foni yanu siipitirira mawati awiri.

Nsanjayo ili ndi mphamvu kuposa foni, inde, koma mabokosi aatali aja ali pamwamba amaponya mafunde cham'mbali, ngati nyali za galimoto, osati pansi. Ndipo mphamvu imagwa msanga ndi mtunda: mukatalikira kawiri, imatsala gawo limodzi mwa anayi. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mutu wanu umalandira zambiri kuchokera ku foni imene mwaigunditsa kukhutu kusiyana ndi nsanja, ndipo nsanja ikakhala kutali foni imadzikweza mphamvu kuti imveke, ngati munthu wokuwira mnzake kutsidya la mtsinje. Pafupi ndi nsanja imanong'ona.

Sindikubisirani: mu 2011 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, inaika mafunde amenewa m'gulu la 2B, la zinthu zimene umboni woti zimayambitsa khansa ndi wochepa, zofunika kuzifufuzabe, ndipo nkhawa yaikulu inali pa foni ya pakhutu. Amene akufuna kusamala agwiritse ntchito mahedifoni. Ngati mukukayika kuti nsanjayo inamangidwa motsata malamulo, a ZICTA ndiwo amayang'anira mafunde m'dziko muno, kawafunseni. Koma nthambi yomweyo inaika kuwala kwa dzuwa ndi ultraviolet m'gulu loyamba, la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa.

Ndiye amene akukuopsezaniwo akuloza nsanja, chonsecho choopsa chenicheni kwa mwana wanuyo chimatuluka kum'mawa tsiku lililonse. Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri amene amameza ultraviolet, la mwana wanu lili ndi wochepa kwambiri kapena mulibe. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiponso sitili kutali ndi equator, choncho dzuwa lathu ndi laukali ngakhale mu Juni pamene tikuvala majuzi. Ultraviolet siimveka kutentha pakhungu, ndipo imaboola mitambo yopyapyala. Musadalire kuti kunja kukuzizira.

Ndalama imene mukanasamukira igwire ntchito iyi. Chipewa cha khonde lalikulu chophimba makutu ndi khosi, osati kapusi. Malaya a manja aatali a nsalu yothinana, yoti mukaiyang'anitsa kudzuwa kuwala kusaboole. Mafuta oteteza khungu olembedwa SPF 50, kuwadzola m'mawa ndi kubwerezanso pakapita maola awiri ngati ali panja, osaiwala milomo, makutu ndi kuseri kwa manja. Magalasi a maso olembedwa UV400. Kuyambira 10 koloko mpaka 16 koloko azisewera pamthunzi. Mupite kusukulu kwake mukalankhule ndi aphunzitsi kuti pa asembule aziima pansi pa mtengo, azivala chipewacho ngakhale si cha yunifolomu, ndipo m'kalasi azikhala kutsogolo chifukwa maso a ana otere amavutika kuona pabolodi. Kachilonda kalikonse kapakhungu kamene katha milungu itatu kosapola, musayese mankhwala a kumsika, mupite naye kuchipatala sabata yomweyo. Amalume akewo muwawerengere yankho lino, ndipo chipewacho agule ndi iwo.